Bulangete Lachiwiri

Pasiteji ya basi ku Croydon, kudziko la azungu, bambo wina wachikulire anamva mayi wachitsikana akumaliza kulankhula pafoni m'Chichewa atakumbatira katoni, ndipo anasendera pafupi.

"Mwanyamula chiyani, mwanangu?"

"Bulangete la magetsi, bambo. Nyumba yomwe tikuchita lendi imatenthetsedwa ndi mafuta, ndiye akwera mtengo moti timangotenthetsa chipinda cha mwana. Amayi anabwera kuchokera ku Salima kudzandithandiza kulera khandalo, koma sabata yoyamba yomweyo anati akubwerera, kuzizira kwawakwana."

"Anthu a ku Salima! Sanafunse mbaula?"

"Anafunsa! Ndinawauza kuti m'nyumba zotsekeka zino makala amapha."

"Munachita bwino. Ndiye bulangeteli ndi lowanyengerera?"

"Ayi, ili ndi lachiwiri. Loyambalo linagwira ntchito mopitirira muyeso. Za ulendo anasiya, akuti akhala mpaka Epulo, koma pabedi sakuchokapo. Mwana akalira amangondiitana mofuula ali chigonere, 'Mwayiwathu, tamunyamula mwanayo!'"

"Nanga ili mulitani?"

"Ndikaliyala pasofa, bambo, kuti mwina afikeko pabalaza."