Mawu anga anathera pakati pa chipululu cha Sahara

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene ana anu amadya chifukwa cha pakamwa panu. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndikufuna ndikuuzeni za holide ina imene mawu anga anatha, ntchito itatsala pang'ono kundipulumuka, mtima wanga utadzaza ndi nsanje mpaka pakhosi.

Zinali m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene sukulu za pulaiveti zinkangotsegulidwa paliponse mu Lilongwe muno. Bambo a ana anga anali atatisiya, ine n'kutsala ndi ana atatu m'kanyumba ka lendi ku Kawale. Abale kwathu ku Ntcheu ankangoti, "Bwererani kuno, m'tauni mukudikiramo chiyani?" Chondisunga m'tauni chinali chimodzi chokha, ntchito yophunzitsa hisitole pa kasekondale kena cha ku Biwi.

Chaka chimenecho mwini sukulu, Bambo Mbewe, anakonza zoti ana anzeru a Folomu 3 asapite kuholide, atsale n'kumakonzekera Folomu 4 pa maphunziro awiri, hisitole ya maufumu akale ndi jogalafe. Anandiyitanira mu ofesi mwake n'kundiuza mosapsatira kuti, "Madamu, makolo akuti hisitole ndi nkhani za anthu akufa. Holide ikamatha ndipereka mayeso. Ana akalephera, phunziroli ndilichotsa, ndipo inu mukudziwa tanthauzo lake." Ndinkalidziwadi tanthauzo lake. Kunali kumanga katundu.

Jogalafe ankaphunzitsa Mayi Zimba. Iii, mayi ameneyo! Amuna awo ankawatula pageti pa galimoto kuchokera ku Area 18, ine ndikufika wapansi, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anali ndi mapu awoawo aakulu opachika pakhoma, ndipo ana ankalimbirana kuwanyamulira. Ine ndinali ndi buku limodzi lothothoka chikuto, palibe mwana ankalimbirana zimenezo. Ndisakunamizeni, ndinkawachitira nsanje yoopsa. Mwamuna ali naye, galimoto ali nayo, ana akuwakonda, ngakhale kaseke kawo kanali kokoma. Akandipatsa moni ndinkayankha ndi mano okha. Mumtima ndinkafunsa kuti, Ambuye, pogawapo munagawa bwanji?

Muyenera kudziwa mmene tinkaphunzitsira. Ana analibe mabuku. Mphunzitsi ankayima kutsogolo n'kumatchula manotsi mokweza, ana n'kumalemba. Choko Bambo Mbewe ankachisunga m'thumba la jekete, kuti akupatse kachidutswa mpaka uchite kuwapempha. Ndiye laibulale yonse ya sukulu inali pakhosi pa mphunzitsi. Ana tinawagawa pawiri, gulu lina kwa ine, lina kwa Mayi Zimba, n'kumasinthana pa buleki. Khoma la pakati pathu silinafike kudenga. Tsidya la msewu amisiri ankakhoma zidebe ndi mbaula tsiku lonse, ndipo mphepo ya Ogasiti inkalowa ndi fumbi lake m'mawindo opanda magalasi.

Phwete likamveka kuseri kwa khomalo, ana anga ankatembenuzira makutu komweko. Ine magazi ankawira. Ndinkakweza mawu kuti ndiphimbe kusekako, a kuseriko akaseka kawiri ine n'kukwezanso. Anthu odutsa mumsewu ankadziwa mafumu a ku Ghana wakale osalipira fizi.

Tsiku lina ndinali pakati pa nkhani ya amalonda odutsa chipululu cha Sahara. Ndinangoti, "Ngamila zija zitasenza mchere," basi mawu zii. Ndinakhosomola, ndinamwa madzi, ndinayesanso. Kunangotuluka kamphepo ngati tayala la njinga likuphwa. Ana anaseka, akuyesa ndikuchita nthabwala.

Kuchipatala anati pakhosi patupa chifukwa chokuwa m'fumbi, ndisayankhule mpaka papole. Ndinamwa mandimu, uchi, jinja, ndinachukucha madzi amchere, koma ayi ndithu. Mayi wina woyandikana naye nyumba anati, "Inu simukuona? Wakutsekani pakamwa ndi mnzanu wa galimoto uja." Ine wopemphera ndithu, koma mawu amenewo anandikomera m'khutu.

Ndinayesa kulemba zonse pabolodi. Choko chinatha tisanafike n'komwe pa mtsinje wa Niger. Ana anayamba kuzemba mmodzimmodzi, ena n'kukayima pawindo la Mayi Zimba. Bambo Mbewe ankabwera n'kuyima pakhomo, akugwedeza makiyi. Kunyumba ndikayang'ana ana anga ndinkawaona kale ali pamwamba pa lole, atakhalira matumba, tikulowera ku Ntcheu.

Masana ena ana atatuluka ndinatseka chitseko cha kalasi n'kugwada pakati pa mabenchi. Pemphero lake silinali laulemu. Mumtima ndinati, "Ambuye, munatenga mwamuna wanga, ndinapirira. Lero mwatenga mawu, khasu langa lokhalo. Uyo ali kuseriyo munamupatsa zonse, ine mukufuna nditsale ndi chiyani? Ndibwezereni mawu anga, sindikupempha china." Ndinadzuka, ndinayesa kunena ameni. Panalibe chotuluka.

M'mawa mwake ndikuona chitseko chikutseguka, Mayi Zimba akulowa mapu ali kukhwapa, ana a gulu lawo akubwera pambuyo atanyamula mabenchi. Ndinati basi, wabwera kudzandilanda ntchito ndili moyo. Anapachika mapu pa msomali, n'kubwera pafupi nane.

"Madamu, kutchalitchi kwathu kukabwera mlaliki wosadziwa Chichewa timamuyimikira womasulira," anatero. "Inu muzinong'oneza m'khutu langali, ine ndizifuula."

Ndinafuna kukana, koma mawu okanira ndinalibe.

Tinayamba choncho. Ine kunong'ona, iwo kufuula, ndodo ili pamapu. Ndikati golide ankachokera kum'mwera, mchere kumpoto, iwo ankaloza njira yonse ya ngamila mpaka pamene mtsinje wa Niger wapindikira m'mphepete mwa chipululu, ana n'kuona okha chifukwa chimene mzinda wa Timbuktu unakulira pamenepo. Titafika ku Kilwa ndi Sofala, ine ndinanong'ona za zombo za Aluya zobwera kudzagula golide wa ku Zimbabwe, iwo n'kuwonjeza za mphepo za panyanja zimene miyezi ina zimakankhira zombo kuno, miyezi ina n'kuzibweza kwawo. Ana ankalemba mpaka zala kuwawa, ozemba aja anabwerera onse.

Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ayi. Nthabwala zanga zomwe, zimene ana ankangoziyang'ana zikamachoka pakamwa panga, zikatulukira pakamwa pa Mayi Zimba kalasi yonse inkagwa nako kuseka. Kuwomba m'manja kunkapita kwa iwo. Ine ndinkangoyima pambali ndi buku langa lothothoka, kununkhiza perefyumu wawo, ndikukukuta mano.

Chimene ndinkaopa chinafika. Bambo Mbewe anayima pakhomo tsiku lina n'kumvetsera phunziro lonse la ufumu wa Songhai. Ana atatuluka anayankhula ine ndili pomwepo, ngati kuti wopanda mawu alibenso makutu.

"Mayi Zimba, kani mumatha zonse ziwiri? Ndiye sukulu ikatsegulira mutenge zonse. Aphunzitsi awiri n'ngachiyani?"

Ndinayang'ana pansi, kudikira kuti avomere, poti ndani amakana mwayi?

"Bwana, musanamizike," anayankha Mayi Zimba uku akukulunga mapu. "Ine ndimadziwa pamene pali Timbuktu, koma amene ankakhalamo sindiwadziwa ngakhale mmodzi. Zonse mwamvazi zachokera m'khutu ili. Awa akachoka, ine hisitole sindiyigwira, ndipo mapu anga ndinyamula tichokere limodzi."

Bambo Mbewe anagwedeza makiyi awo, n'kuti tiona pa mayeso. Ine ndinakhala pa benchi ya ana n'kulira kopanda phokoso. Manyazi ndi chisangalalo zinandigwira nthawi imodzi, osadziwa choyamba kuchimeza.

Mayeso anabwera, ana anakhoza hisitole moti mwini sukulu sanayitchulenso nkhani ya anthu akufa. Mawu anga anabwerera holide itatha, osasa, ndipo ndi omwewa ndili nawo mpaka lero. Nditangotha kutulutsa liwu ndinapita kwa Mayi Zimba n'kuti, "Zikomo, achemwali." Iwo anaseka n'kuti, "Zikomo wa chiyani? Ndigulireni sopo, khutu langali mwalinyowetsa ndi malovu holide yonse." Sindinganene kuti nsanje inatha tsiku lomwelo, galimoto ija inkandipwetekabe ikamayima pageti. Koma kuyambira pamenepo ndinkati ndikayamba kuwira, ndinkawatchula dzina m'pemphero, ndipo pang'onopang'ono moto unazirala.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga ndinamulamulira. Akanandibwezera mawu tsiku lija, bwenzi nditapitiriza kukuwa ndekha mpaka kuchotsedwa ntchito. Inu amene mwagwada lero, ntchito ikugwedezeka, thupi likukana, limbikani ndithu, musaleke kupempha. Koma musamusankhire Mulungu munthu woti amutume kwa inu. Ine ndinapempha pakhosi panga, Iye ananditumizira pakhosi pa mayi amene sindinkafuna ngakhale kumva akutsokomola, ndipo ana anga atatu anakulira ku Kawale mpaka onse kumaliza sukulu. Dzina lake lilemekezeke.