Anzake a Sungeni sanamve za maliro

Pa siteji ya Nsungwi minibasi inkachedwa kudzaza. Mayi wina wa duku lakuda anayang'anitsitsa chikwama cha laputopu cha bambo amene anakhala naye mpando umodzi, mpaka analephera kuugwira mtima.

"Mwana wanga Sungeni anali ndi laputopu ngati yanuyo. Pogawa katundu wa malemu, amalume ake anaitenga n'kukafufutitsa zonse kumsika. Zaka ziwiri akumasulira pulogalamu ya ana asukulu m'Chichewa, zonse zapita."

"Pepani amayi. Inali pulogalamu yogula?"

"Ayi, ankati ndi yaulere, aliyense atha kuikonza. Ine ndinkamukalipira kuti ntchito yanji yopanda bwana."

"Ndiye sizinapite. Ntchito yotere sikhala m'kompyuta imodzi, amaisunga poyera pa intaneti. Dzina lake lonse ndani?"

"Sungeni Mbewe."

Bamboyo anadinadina foni kwa kanthawi.

"Nayi. Pa omasulira Chichewa, dzina loyamba ndi lake."

"Werengani ndimve."

"Sungeni Mbewe. Pansi pake pali ena anayi, akupitiriza pomwe iye analekezera. Wina wa ku Chipata walemba sabata yathayi kuti: achemwali mwasowatu, tikudikira mudzaone mawu tamasulirawa."

"Kani sakudziwa?"

"Zikuoneka choncho, amayi."

"Ine uthenga ndinatumiza kumudzi ku Ntcheu, kumpingo, ndi kuntchito kwake. Palibe anandiuza kuti kulinso abale ena. Alembereni, bambo. Muwauze kuti ndine mayi ake, tinaika maliro mwezi wa Juni, asamudikirenso."