Bulangete la Zigamba la a Nachisale

Chaka chija zipani zambiri zitangololedwa m'dziko muno, ine ndinkasoka pakhonde la golosale pompano pa Nathenje, ndi makina opalasa ndi mwendo, osati anuwa amene magetsi akazima mumangokhala manja lende monga mwakhaliramu. Sendezani mipandoyo, ana inu, ndikuuzeni chifukwa chake ndimakukalipirani mukamataya zidutswa za nsalu paliponse.

Masiku amenewo walira mvula anali atalira matope. Ufulu tinaulandira ndithu, koma mantha akale anali asanatuluke m'mitima, ndipo munthu akafuna kuti ndimusokere malaya a nsalu ya chipani chake ankabwera atayikulunga m'pepala, n'kundinong'oneza kuti mnansi wake asadziwe. Lero mumavala nkhope za andale ngakhale kudimba, koma nthawi imeneyo telala ankasunga zinsinsi za mudzi wonse.

Ndiye tsiku lina la msika kunafika mayi wina wamtali, wosalankhulalankhula, atanyamula thumba, ndipo anati ndi Nachisale, amachokera ku Mitundu, mwamuna wawo anamwalira, ndipo akupempha zidutswa zimene ndimasesa pansi pa makina. Ndinawafunsa kuti zinyalala akatani nazo, iwo anati amalumikiza n'kusoka zofunda, luso limene anaphunzira ali mtsikana akugwira ntchito m'nyumba ya mayi wina wachizungu. Ndinawapatsa, komabe mtima unakana kukhazikika, pakuti kuchoka ku Mitundu kudzafika kuno ndi ulendo, ndipo matelala ku Mitundu analipo. Anabweranso, n'kubweranso, ndipo sankangotola chilichonse ayi, ankasankha, kuyang'anitsitsa kachidutswa padzuwa, nthawi zina n'kufunsa kuti nsalu yokongola chotere anabwera nayo ndani.

Funso limenelo ndi limene linayatsa moto. Mayi ogulitsa tomato pafupi nane analimva, ndipo mlungu usanathe msika wonse unali ndi nkhani ziwiri. Ena ankati mayiyo ndi kazitape, akusonkhanitsa umboni wa amene asokesa nsalu za zipani zatsopano kuti zinthu zikadzatembenuka adzawatchule mmodzimmodzi. Ena ankati ayi, ndi wokhwima, pakuti munthu wofuna kukupweteka amayamba wapeza kansalu kako. Makasitomala anga anayamba kuchepa, ndipo amene ankabwerabe ankaima pompo mpaka nditamaliza kudula, n'kutola zidutswa zawo okha. Mkazi wanga anandiuza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ulemu wa mayiyo usandipusitse.

Kenaka mwana wa aphunzitsi a Mbewe, kamtsikana kamene ndinali nditangokasokera yunifolomu, anadwala mwakayakaya, thupi kutentha, kubwebweta. Anathamangira naye kuchipatala ku Nkhoma, koma achibale anakumbukira kuti zotsala za yunifolomu ija zinapita m'thumba la a Nachisale. A Mbewe anali munthu wophunzira, mkulu wa mpingo, koma mwana akadwala sukulu imathawa m'mutu. Anafika pakhonde langa maso ali psuu, kumbuyo kwawo kuli anyamata amene ankanena zokatentha nyumba ya mayiyo, ndi makina anga omwe. Ndinawapempha kuti tipite awiriwiri tikaone ndi maso athu, poti kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo anavomera.

Tinapalasa njinga m'mawa, fumbi lokhalokha, mpaka ku Mitundu. Tinawapeza a Nachisale atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, singano kumanja, ndipo pamiyendo pawo panali chinthu chimene ine, telala wa zaka zambiri, ndinali ndisanachionepo. Tizidutswa tija anatidula timakona, kutilumikiza ndi msoko waung'ono wofanana ngati wa makina, mitundu ikutsatana monga mizere ya m'munda, ndipo kunsi anaikako bulangete lakale n'kusokerera pamodzi kuti lizifunda. Ndinazindikira diresi la ukwati wina, malaya a kwaya, ndi nsalu za zipani zonse zitagona moyandikana, zimene eni ake sankapatsana ndi moni yemwe. Kunena zoona linali lokongola, ndipo kukongola kwakeko n'kumene kunandiopsa kwambiri.

A Mbewe sanakhale pansi. Analoza kachidutswa kobiriwira chapakati n'kunena kuti, "Mayi, kansalu ako n'ka mwana wanga, ndipo mwanayo ali gone kuchipatala. Ndabwera kudzakatenga."

Mayiyo anatiyang'ana tonse awiri n'kunena kuti, "Bambo, ine ndilibe mankhwala, ndilibenso chipani. Nyumba yanga ndi yazii, ana ndinalibe, ndiye manja ndimawapatsa chochita. Koma ngati mtima wanu upepuke, tengani."

Anatenga lezala n'kumasula msoko umene unawatengera masiku ambiri, n'kupereka kansaluko ndi manja awiri. Ndinafunsa chifukwa chake ankafunsa eni ake a nsalu, ndipo anati akamasoka amakonda kumuganizira munthuyo, kuti asamve ngati ali okha. Za ulendo wautali uja anati matelala a ku Mitundu anali atawakaniza kale, chifukwa cha mphekesera zomwezi.

Mwana uja anachira. Anamwino anati anali malungo ndipo mankhwala anagwira, koma pamsika pano palibe anamva zimenezo, onse ankati wachira chifukwa kansalu kabwerera. A Nachisale sanapondenso pa Nathenje, ndipo mvula isanagwe tinamva kuti ana a m'mudzi mwawo akugenda denga lawo, mpaka anasamukira kwa mchemwali wawo cha ku Likuni. Asananyamuke anatuma munthu kudzandipatsa bulangete lija, ati poti nsalu zake zinachokera kwa ine. Mkazi wanga anakana kuti lilowe m'nyumba, ndipo ine sindinalimbane naye. Lili m'bokosi kuseri kwa shopu kuno mpaka lero, ndimalitulutsa padzuwa kuti njenjete zisalidye, koma kulifunda sindinalifundepo. Mutu wanga umati mayi aja anali osalakwa, koma thupi limakana, ndipo inu musandiseke, simunakule m'nthawi imene khoma linali ndi makutu.

Lero ndikuona atsikana akusoka zikwama za zigamba n'kumagulitsa pafoni popanda wowaloza chala, ndipo ndimakondwera. Inu mukadzakhala ndi makonde anu, mwini nsalu muzimufunsa kaye ngati zotsala akuzifuna, kuti pasadzakhale pokayikirana. Ndipo mukadzaona munthu akuchita chinthu chachilendo, pitani mukakhale naye pamphasa mphekesera isanakule, chifukwa ife tinapita mochedwa, anthu atamaliza kale kumuweruza.