Matumba a nandolo mu situdiyo yanga

Moni kwa inu okonza pulogalamu ndi omvera anzanga. Ndikulemba kuchokera ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe.

Situdiyo yanga ndaimanga pang'onopang'ono m'kachipinda komwe amayi amasungiramo zokolola. Ndinayamba ndi laputopu yakale yopangira mabiti, chaka chotsatira ndinawonjezera masipika ndi sola. Maikolofoni ndinagula chaka chatha titangokolola, ndipo ndinkajambula nditapanikizika pakati pa matumba a nandolo. Mawu ankatuluka bwino zedi.

Amayi atagulitsa nandolo uja ndinakondwa kuti ndapeza malo. M'mawa mwake kunabwera mtsikana wa kwaya kudzajambula nyimbo ya ukwati wa achimwene ake, womwe unali Loweruka lomwelo. Titamvetsera, ankamveka ngati akuimbira mumgolo. Ndinasintha mawaya, ndinapukuta maikolofoni, koma ayi ndithu. Chasintha n'chiyani, poti zipangizo n'zomwezo?

Amayi anasuzumira pakhomo n'kumvetsera nawo. Kenako anati, "Iwe, kodi mtsuko wopanda madzi sulira?"

Ndinawomba m'manja kamodzi, makoma n'kundiyankha. Kani matumba aja ndi amene ankameza mawu obwerera. Tinathamanga kuseri kwa nyumba, n'kudzaza matumba ndi makoko a nandolo, n'kuwasanja m'makona. Nyimbo ija inavinidwa pa ukwati.

Komabe makoko sakumeza mawu ngati nandolo weniweni, ndipo ndikufunitsitsa kudziwa chifukwa chake. Amene mukudziwa, tiuzeni. Pakadali pano, chaka chino ndinalawirira kumunda amayi asanandiitane.