Tsamba la Thandizo Lomwe Linkakana Alimi a ku Mlolo

Atamandike Yezu Khristu, abale ndi alongo anga nonse amene mukuwerenga. Ndine Velonika, ndimakhala pa boma pano pa Chadiza ndipo ndimaimba kwaya kuparishi. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chaka chatha, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira kumalo komwe sindinkafuna n'komwe kupitako.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la alimi. Tili ndi pulogalamu ya pa intaneti imene atsogoleri a makalabu amatsegula pafoni polembetsa anthu awo kuti alandire mbewu. Anaipanga ndi anthu a ku Lusaka, ndipo ambiri kumudzi inkawazunguza mutu. Ntchito yanga inali yolemba masamba a thandizo m'Chichewa, ofotokoza podina ndi polemba, kenako n'kuwaika pa seva, kompyuta ija imene imasunga zinthu kuti aliyense azizipeza pafoni yake. Munthu akasokonezeka angodina batani lolembedwa kuti Thandizo, tsamba litseguke.

Pulogalamuyo inali pa seva yakale, koma ine anandipatsa seva yatsopano yoikapo masamba anga. Mnzanga wina mwa a ku Lusaka aja anandilangiza kuti nditseke khomo kwa aliyense wolowa kuchokera kunja kwa Zambia, poti akuba a pa intaneti ambiri amachokera kutali. Ndinatsekadi. Ndinayesa pafoni yanga, zinatseguka. A ku Zingalume anayesa, zinatseguka. Ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata imeneyo.

Kenako madandaulo anayamba kubwera kuchokera ku Mlolo. Ankati pulogalamu ikutseguka bwinobwino, koma akadina Thandizo pamangooneka poyera. Ndinafufuza pa seva, sindinaone chizindikiro choti munthu wa ku Mlolo anafikapo. Ndinachotsa masamba onse n'kuwaikanso, ndinachepetsa zithunzi, koma madandaulo sanathe. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, amene amandidziwa akuseka kale. Pamsonkhano wa bungwe ndinaimirira n'kunena pamaso pa atsogoleri a makalabu kuti a ku Mlolo sakudina n'komwe batanilo, akungofuna kubwerera ku mapepala. Amayi Zuze, mtsogoleri wa kalabu ina kumeneko, analipo ndipo anamva zonsezi.

Wapampando, a Banda, ndiye anadula nkhani. "Mayi Velonika, mvula ikagwa anthu a ku Mlolo asanalembetse, tibwereradi ku mapepala. Ndipo ofesi ya mapepala sifuna munthu wa makompyuta."

Abale, ndinachita mantha. Ndimasunga amayi anga ndi ana awiri, ndipo ntchito za makompyuta pa Chadiza sizimera ngati bowa. Mitambo ikayamba kusonkhana, anzanga ankasangalala, ine ndinkada nkhawa. Ndinkalowa m'tchalitchi masana, koma korona inkangoyenda m'zala, maganizo ali pa seva. Tsiku lina ndinapemphera mopanda ulemu. Ndinati, Ambuye, ngati vuto lili mwa ine ndionetseni, ngati lili mwa iwo aonetseni, koma musakhale chete chonchi.

Yankho linali uthenga wa maliro. Amayi a mnzathu wa m'kwaya anamwalira kumudzi kwawo, ku Mlolo komweko, kufupi ndi malire a Mozambiki. Ndinkafuna kunamizira ntchito kuti ndisapite, makamaka poopa kukumana ndi anthu amene ndinawanyoza. Amayi anga anandiuza mosabisa: "Maliro n'kulirana, mwananga. Kompyuta yakoyo sidzakuimbira nyimbo tsiku lako." Ndinamanga chitenje n'kukwera minibasi ndi anzanga, nkhope ili gwaa.

Titabwerako kumanda, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kumbali ya azimayi. Ndinaona amayi Zuze akubwera ndipo ndinalakalaka nthaka itandimeza. Iwo anakhala pafupi nane, anandipatsa moni, anafunsa za amayi anga, kenako anatulutsa foni m'chitenje.

"Mwananga, wabwera wekha, ndiye usamvenso za m'maluwa. Dina ndiwe."

Ndinadina. Poyera. Ndinatulutsa foni yanga kuti ndiwaonetse kuti kwa ine zimatheka, koma inalibe netiweki ngakhale pang'ono. Ndinawafunsa kuti nanga yawo ikugwira bwanji.

"Kuno ya Zambia imabwera ikafuna. Tonse tinagula simu khadi ya ku Mozambiki, ndiyo imagwira mpaka m'nyumba. Ndi yomwenso timaimbira abale athu amene anatsala kwathu ku Mozambiki."

Apa m'pamene ndinazindikira. Mafoni a ku Mlolo ankalowa pa intaneti kudzera ku Mozambiki, ndiye seva yanga inkawayesa anthu akunja n'kuwabweza pakhomo. N'chifukwa chake sindinkaona kuti anafikapo. Ndinawafotokozera amayi Zuze pang'onopang'ono. Banja lawo linabwera kuno kalekale pothawa nkhondo, iwo ali mtsikana. Atamvetsa anaseka chapansipansi, poti panali pamaliro.

"Ndiye kuti takalambira kuno, taberekera kuno, lero taika mnzathu m'dothi lomweli, koma makina ako akutiyesabe othawa nkhondo?"

Iwo ankaseka, ine misozi inatsika. Anthu ankaganiza kuti ndikulira malirowo. Ndinagwada n'kuwapepesa chifukwa cha zimene ndinanena pamsonkhano. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndipite ndikatsegule, zinazo zatha.

Nditabwerera pa boma ndinaimbira mnzanga wa ku Lusaka. Tinagwirizana zotsegulira Mozambiki khomo n'kupeza njira ina yotchingira akuba. Kukonza kwake sikunachedwe kuposa kuwiritsa tiyi, pomwe ine ndinali nditaonda nazo. Madzulo ake foni yanga inalira, nambala yake yoyamba ndi manambala a dziko lina. Amayi Zuze sanandipatse n'komwe moni, anangoyamba kundiwerengera mokweza mzere woyamba wa tsamba langa, mawu amene ndinalemba ndekha. Sindinamvepo Chichewa chokoma ngati chimenecho.

Ndimaganizirabe zimenezi kawirikawiri. Ndinkafuna Mulungu andiyankhe muofesi, pampando wanga, ndili wolondola. Iye anandikhazika pansi pafumbi pafupi ndi mayi amene ndinamutcha wabodza, ndipo yankho linali m'chitenje chake. Ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha amayi Zuze, amene anali ndi chifukwa chondisiya ndigwe koma sanatero, komanso amayi anga amene anandikankhira m'minibasi.

Inu amene muli pa mayesero lero, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale lokwiya ngati langa. Koma akakuitanani kumene mtima wanu ukukana, nyamukani mupite. Alimi a ku Mlolo analembetsa mvula isanagwe ndipo mbewu analandira. Ine ndikulemba umboniwu ndili muofesi momwemo, ndikadali pa ntchito. Dzina la Ambuye lilemekezeke.