Tsabola amene ndinathila m'shuga

Monile mose, omvela anzanga. Ndine mayi wa ku Mphamba, koma dzina langa musalitchule.

Mwana wanga wamkazi atafika zaka zisanu ndi zinayi, anayamba khalidwe lachilendo. Asanadye chilichonse ankanyambita shuga katatu, kenako n'kusamba m'manja mpaka khungu kung'ambika. Shuga akatha m'nyumba, ankakana chakudya tsiku lonse. Ine ndinkangoti ndi dyela basi.

Tsiku lina mlamu wanga anati, "Mlamu, pomuletsa kuyamwa simunapake tsabola kubele? Chitaninso chimodzimodzi."

Ndinasinja tsabola, n'kusakaniza m'shuga, ndipo ndinabisala kuseli kwa chitseko. Mwana ananyambita koyamba, maso anafiila. Ndinkayembekeza kuti alavula n'kuthawa. Koma ananyambita kachiwili akunjenjemela, kachitatu milomo itatupa, misozi ili chuchuchu.

Ndinatuluka n'kumugwila dzanja. "Iwe, sukumva kuwawa?"

"Ndikumva, amama. Koma ndikapanda kufika katatu, mutu wanga umandiuza kuti inu mufa."

Ndinapita naye kuchipatala cha ku boma. Kumeneko anatiuza kuti si dyela kapena ufiti. Ndi matenda a maganizo amene amakakamiza mwana kubweleza zinthu chifukwa cha mantha, ndipo thandizo lilipo.

Tikupitabe kuchipatala. Koma mpaka lelo ndikamupatsa chakudya, amayamba wachinunkhiza, kenako n'kundiyang'ana kumaso.

Makolo anzanga, funsani mwana musanamulange. Ine ndinawotcha pakamwa mwana amene ankayesa kundipulumutsa.