Botolo la Mankhwala Linandiulula

Ndine mayi wa kuno ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi. Masana ndimaphunzitsa ana a m'mudzi kuwerenga Chingerezi pakhonde panga. Kale ndinkawerenga mzere, iwo n'kubwereza onse pamodzi, ine n'kumati akudziwa.

Tsiku lina bambo wina anabwera ndi botolo la mankhwala othira m'chimanga kuti chisafumbwe. Malangizo ake anali m'Chingerezi. Anapatsa botololo mwana wake wamkazi, wophunzira wanga yemwe ndinkamutama kwambiri.

"Tandiwerengere, timathira bwanji?"

Mwanayo anayang'ana botololo nthawi yaitali. Kenako anayamba kulakatula nkhani ya patsamba loyamba la buku lathu.

Bamboyo sanakalipe. Anangoti, "Aphunzitsi, ndiye miyezi yonseyi amangoimba?"

Ndinasowa poyang'ana. Ana aja ankaloweza mawu anga, zilembo osazidziwa.

Kuyambira pamenepo aliyense amawerenga yekha, chala pa liwu. Ndimawapatsa mapepala a sopo, matumba a feteleza, chilichonse chimene sanachionepo. Amachedwa, ena mpaka kulira. Koma chaka chino mtsikana uja anawerengera bambo ake botolo lonse.

Anzanga ophunzitsa, mwana akamawerenga osadodoma n'komwe, tam'landani bukulo mum'patse china.